Ma noodles a Chitchaina a mafuta a anyezi wamasamba, angatheke pa mbaula kuno ku Mulanje?

NaChitakale

Moni nonse m'gulu muno. Ndili ndi funso la kukhitchini, amene mumazitsata zophikaphika ndithandizeni chonde. Mwezi wathawu ndinapita ku Blantyre kukaona asisi anga nde ananditengera kumalo ena odyera a Matchaina, iwo anaitanitsa mpunga wa nkhuku ine ndinangoloza chithunzi cha ma noodles poti ndi omwe anali otchipa. Atabwera ndinaona kuti mulibe nyama, mulibe tomato, msuzinso mulibe, ma noodles okhaokha a bulauni onyezimira mafuta ndi timasamba ta anyezi tokazinga pamwamba basi. Koma kukoma kwake abale, sindinayembekezere. Ndinafunsa mtsikana amene amaperekera chakudya anangoti ndi mafuta a anyezi wamasamba ndi soy sauce, zambiri sanafotokoze poti kunali anthu ambiri.

Nde ndimafuna ndidziwe, anyezi wake ndi uti kwenikweni, masamba a anyezi wathu yemweyu timagula pa Chitakale angachite kapena pali mtundu wina wa ku China konko? Nanga soy sauce ameneyu ndi chani, ndi chimodzimodzi ma soya pieces kapena ndi zina, ndipo amapezeka kuti? Ma noodles enieni aja kuno sindinawaonepo, m'magolosale muli supageti ndi timapaketi ta ana tija topsa pa maminitsi 2. Komanso ine ndimaphikira pa mbaula, filiji ndilibe. Mwana wanga wamkulu ali Fomu 2 amaweruka ali ndi njala yoopsa nde ndikufuna chakudya choti chizipsa msanga osadikira nsima ndi ndiwo, koma mmene mafuta akwereramu sindikufuna kungoyesa mwachimbulimbuli n'kuwononga zinthu.

MayiWaGeni_Luchenza

Zitheka achemwali, ndipo pa mbaula zimatuluka bwino kwambiri bola mudziwe kuchepetsa moto. Ine ndimapita ku China kukapikula katundu, makamaka ku Yiwu, ndipo ndikadutsira ku Shanghai chakudya chimenechi ndi chomwe ndimadya kawirikawiri poti chimapezeka paliponse komanso sichiboola mthumba. Eni ake amachitchula cong you ban mian, kwawo kwenikweni ndi ku Shanghai ndi madera oyandikana nawo a Jiangsu ndi Zhejiang. Si chakudya cha paphwando ayi, ndi cha anthu wamba, ena amadya m'mawa akupita kuntchito pa tima shopu ta m'mbali mwa msewu. Anthu a ku Shanghai amakonda kuphatikiza soy sauce ndi shuga pophika nde ngati munamva kutsekemera chapansipansi, ndi mmene zimayenera kukhalira.

Ndiyambe ndi soy sauce. Si ma soya pieces ayi ngakhale zonse zimachokera ku soya. Ameneyu ndi wamadzimadzi wakuda wa m'botolo, amapanga ndi soya, tirigu, mchere ndi madzi n'kuzisiya zisase kwa miyezi ingapo, kukoma kuja kumachokera pamenepo. Alipo a mitundu iwiri amene amalowa m'chakudya chimenechi. Wolembedwa light ndi wopyapyala, wa mchere wambiri, ndi amene amakometsa. Wolembedwa dark ndi wokhuthala pang'ono, wakuda bii, wotsekemerako, ntchito yake yaikulu ndi kupereka mtundu wa bulauni munaona uja. Ngati ndalama ikukwana botolo limodzi lokha gulani light, chakudya chidzangooneka chotuwirako koma mkamwa chili bhobho. Amapezeka m'masupamaketi akuluakulu a ku Limbe ndi ku Blantyre komanso m'mashopu a Matchaina ogulitsa zakudya, muwatume asisi anuwo akutumizireni pa minibasi. Botolo limakhalitsa chifukwa mumagwiritsa ntchito masipuni ochepa.

Miyezo yanga ndi iyi, anyezi wamasamba mtolo waukulu ndithu wodzaza manja awiri, pa sikelo ndi magalamu 150 mpaka 200, mafuta theka la kapu, light masipuni akulu 4, dark masipuni 2, shuga masipuni 2 osasefukira. Ngati dark palibe ikani light masipuni 5 basi. Zimenezi zimakwana mbale 6, nde inuyo poti mulibe filiji chilichonse muchidule pakati.

Tsopano apa ndi pamene pagona nkhani. Ife tinazolowera kuti mafuta atenthe kaye mpaka utsi, kenako anyezi tchaaa, tomato pompo. Apa muiwale zimenezo. Anyezi mumutsuke n'kumuyanika pa lichero kapena kumupukuta ndi kansalu mpaka aume ndithu, akakhala ndi madzi mafuta amathetheka n'kukuotchani komanso anyeziyo amangowira m'malo mokazingika. Mudule kutalika kwa chala, masentimita 5 choncho, koyera kwa kumunsi pakepake masamba obiriwira pakepake, koyerako ngati n'kwakukulu mukung'ambe pakati. Thirani mafuta mu felempani kapena poto wokhuthala pansi, ikani zoyerazo mafuta akadali ozizira, kenako n'kuika pamoto. Moto wake ukhale wofooka, muzingoona tithovu ting'onoting'ono tikutuluka m'mbali mwa anyezi. Pa mbaula nthawi yabwino ndi pamene mwamaliza kuphika zina makala ayamba kuchita phulusa pamwamba, kapena phulaniko makala ena n'kutseka kachitseko ka mbaula. Pakatha maminitsi 5 onjezani masamba obiriwira, adzaoneka ambiri kuposa mafuta koma musaonjezere mafuta, amafota okha n'kumira.

Kuchokera pamenepo ndi kudikira n'kumatembenuza mwa apo ndi apo, maminitsi 20 kapena 25. Masamba amayamba kufota, kenako kusuluka, kenako chikasu, kumapeto bulauni ngati tiyi wopanda mkaka. Akafika pamenepo muwavuule msanga muike pa mbale, musadikire ade chifukwa olo mwawachotsa amapitirizabe kupsa pang'ono ndi kutentha kwa mafuta. Chomwe chimachitika n'choti madzi a mu anyezi amaphwa pang'onopang'ono, ukali uja umatha, shuga wake wachilengedwe n'kuyamba kufiira ndipo fungo lonse limalowa m'mafuta. Moto ukachuluka kunja kumapserera mkati muli madzi, mafuta onse amawawa ndipo akawawa palibe chokonzera, olo muthire shuga wochuluka bwanji.

Mukavuula anyezi phulani felempani, mafuta apoleko mwina miniti imodzi, kenako thirani soy sauce ndi shuga mutaima chapatali pang'ono chifukwa zimathetheka. Bwezerani pamoto mukutakasa mpaka shuga asungunuke ndipo ziyambe kuchita thovu, miniti imodzi kapena ziwiri zakwana, soy sauce nayenso akapserera amawawa. Basi sosi wapsa. Ma noodles muwiritse m'madzi ambiri opanda mchere, mukatsanula musawatsuke ndi madzi ozizira, ikani m'mbale akadali a moto, masipuni 2 a sosi pa mbale ya munthu mmodzi, takasani bwinobwino mpaka onse asinthe mtundu, anyezi wokazinga uja pamwamba. Musanatape sosi muzimutakasa kaye chifukwa mafuta amayandama soy sauce n'kutsalira pansi.

MlimiWaKuGoliati

Za anyezi ndiyankhe ine mayi poti ndi ntchito yanga. Nthawi imene ankamanga yunivesite ya MUST ku Ndata kuja, isanatsegulidwe mu 2014, ophikira Matchaina amene ankagwira ntchito pamenepo ankagula masamba kwa alimi a kuno, ndipo chomwe tinkadabwa n'choti anyezi wa mitu ikuluikulu amene ife timanyadira sankamufuna kwenikweni, ankafuna wanthete asanabereke, ndi masamba ake omwe. Ife masamba timadula n'kutaya pamsika pomwepo, iwo masambawo ndiye ndiwo zake.

Ulipo mtundu wa anyezi umene subereka mutu olo ukhale m'dimba nthawi yaitali, umangophukira m'mbali n'kumachulukana, umenewo ndi umene amadya kwambiri kwawoko. Koma musavutike kuusaka. Anyezi wathu yemweyu akakhala wamng'ono, tsinde lisanakule kuposa chala, amagwira ntchito yomweyo. Amene timapatulira m'mabedi uja ndi wabwino zedi ndipo alimi ambiri amakupatsani motchipa. Masamba a anyezi wofiira ung'onoung'ono wobereka mothithikana uja nawonso ndi onunkhira kwambiri. Pa Chitakale mumupeza, pa Limbuli tsiku la msika mumupeza, ngati muli paulendo wa ku Limbe tsikani pa Bvumbwe pamenepo nde simungasowe.

Posankha pewani masamba achikasu kapena olobodoka kunsonga, komanso aja atulutsa mtengo wa maluwa pakati, ndi olimba sakazingika bwino. Masamba a anyezi amene wakhwima kale kudikira kukololedwa alibe fungo lokwanira. Ndipo mufunse wogulitsa kuti anapopera liti mankhwala, alimi ambiri timapopera anyezi chifukwa cha tizilombo toyamwa masamba, nde poti inu mukudya masamba enieniwo mutsuke bwino ndi madzi ambiri. Nyengo ya chiperoni masamba amachedwa kuuma, mutsukiretu m'mawa.

Chinanso, mukamadula siyani kumizu masentimita 3, mubzale m'chitini chobowola pansi kapena m'thumba la dothi losakaniza ndi manyowa kuseri kwa nyumba, muzithirira. Pakatha masabata awiri kapena atatu muyamba kudula masamba ena, ndipo amaphukanso mukadula. Ku Mulanje ndi mvula yanuyo sizivuta.

Mfana_wa_paMuloza

Ine ndimapanga zofananako ndi timapaketi ta noodles tomweto anti, ndimawiritsa kenako ndimakazinga anyezi ndi tomato n'kuthira ka supu ka m'paketi kaja ndi Nali pang'ono, maminitsi 10 ndadya. Nde funso langa kwa amayi a ku Luchenza, chingalakwike n'chani kuikamo tomato? Chakudya chopanda tomato kwa ine chimakhala chouma, ndipo maminitsi 25 kukazinga anyezi yekha makala ake ndi ambiri, mwana akuchokera kusukulu adikira zimenezo?

MayiWaGeni_Luchenza

Achimwene zomwe mumapangazo ndi chakudya ndithu ndipo sindikunyoza, koma ndi china osati chimene akufunsa achemwaliwa. Tomato ali ndi madzi ambiri komanso amawawasa, mukamuika m'mafuta amene mwawasamalira maminitsi onse aja fungo la anyezi limabisika, mumangomva tomato ngati ndiwo zina zonse zomwe timadya tsiku ndi tsiku. Chakudya chimenechi chili ndi zinthu zochepa dala kuti anyezi amveke. Kuuma sikuuma ayi, mafuta aja ndi amene amanyowetsa. Ngati mukufuna tomato mumudule wamuwisi adyedwe pambali, kapena muphike chainizi kaya mpiru pambali, zimagwirizana bwino kwambiri. Tsabola yekha ndikuvomereza, Nali kaya kambuzi aliyense aziika m'mbale mwake.

Za makala, moto umene ukufunika ndi uja umatsala mukamaliza kuphika nsima, umene nthawi zambiri umangozima wokha kapena timauthira madzi. Nde simukuonjezera makala. Ndipo sosi mumapangiratu usiku, mawa mwana akaweruka ntchito ndi kuwiritsa ma noodles basi, iyenso angathe yekha.

Timapaketito tingagwire ntchito ngati palibe china, koma ka supu ka mkati musaike, mchere uchuluka kwambiri. Komanso ambiri mwa ma noodles amenewo anawakazinga kale m'mafuta ku fakitale nde muchepetse sosi, ndipo muwaphule asanafewe kwambiri. Ine pakati pa timapaketi ndi supageti ndingasankhe supageti wopyapyala kwambiri amene mungapeze, magalamu 100 pa munthu, kutanthauza paketi ya magalamu 500 idyetsa anthu 5.

NamwinoWaKuThyolo

Ndilowererepo pa zinthu ziwiri za umoyo, si kuti ndikuletsa ayi, nanenso ndimaphika.

Choyamba mchere. Soy sauce sipuni yaikulu imodzi imakhala ndi mchere wopitirira magalamu 2, pomwe a bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO amati munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 pa tsiku lonse. Pa miyezo apereka mayiwa mbale iliyonse ikulandira pafupifupi sipuni imodzi ya soy sauce, nde mbale imodzi yokha mwadya kale pafupifupi theka la mchere wa tsiku. Kwa mwana wa sukulu wothamangathamanga kamodzikamodzi palibe vuto, koma ngati m'nyumba muli wa BP mumuikire sipuni imodzi ya sosi, ndipo atape kwambiri mafuta a pamwamba osati zakuda za pansi. M'madzi owiritsira musathire mchere, patebulo pasakhalenso mchere. BP kuno yachuluka ndipo ambiri sadziwa n'komwe kuti ali nayo.

Chachiwiri kusunga. Pa intaneti muona anthu akunena kuti sosi ameneyu amakhala nthawi yaitali, koma amenewo akunena za mu filiji. Zamasamba zomizidwa m'mafuta ndi zofunika kusamala nazo, m'mafuta simulowa mpweya ndipo kuli tizilombo tina, monga tomwe timayambitsa botulism, timene timakula bwino pomwe palibe mpweya ngati patsala chinyezi ndipo malo ndi ofunda. Si matenda ofala koma ndi oopsa, ndipo chakudya chikhoza kukhala choipa osanunkha. Nde inu opanda filiji pangani wochepa woti athe lero ndi mawa, anyezi wokazinga musamusiye m'mafuta, mumuike m'kambale kena kouma kovindikira. Botolo losungira likhale lagalasi, lotsukidwa ndi madzi otentha n'kuuma bwinobwino, sipuni yotapira ikhale youma. Mawa lake musanagwiritse ntchito mubwezereni pamoto abwate pang'ono. Amene muli ndi filiji sabata imodzi yakwana, ndipo magetsi akathima nthawi yaitali musawerengere sabata imeneyo.

Komanso mwana amene akukula asamangodya ma noodles ndi mafuta okha, muikireni dzira pamwamba kapena nyemba zotsala ndi masamba pambali. Eni akenso nthawi zambiri amadyera limodzi ndi tina pambali.

MphunzitsiWaSayansi_Thunga

Nkhani ya ma noodles ndionjezereko. Chomwe chimasiyanitsa ma noodles ambiri a ku China ndi supageti ndi tirigu wake komanso zomwe amathira pokanda. Supageti amapangidwa ndi tirigu wolimba wa mtundu wa durum, pomwe ma noodles amapangidwa ndi fulawa wamba, ndipo ena amathiramo madzi a soda amene amapangitsa kuti azitamuka mkamwa n'kuoneka achikasu. Zimenezi kwa ife si zachilendo, ndi nzeru yomweyo ya chidulo chimene amayi athu amatcheza kuchokera ku phulusa pophika therere. Ku Lanzhou, mzinda wa kumpoto chakumadzulo kwa China wotchuka ndi ma noodles okoka ndi manja, kale ankagwiritsa ntchito madzi a phulusa la zomera pokanda fulawa.

Nde ngati muli ndi supageti yekha, thirani soda wa therere yemweyu tiyisipuni imodzi pa lita imodzi ya madzi owiritsira. Poto akhale wamkulu chifukwa zimachita thovu kwambiri zikhoza kusefukira n'kuzimitsa moto. Supageti amasintha mtundu kupita kuchikasu chakuda ndipo amatamuka mofanana ndi ma noodles. Musapyole muyezo, soda akachuluka chakudya chimamveka sopo. Mukathira soda ndi pokhapo pamene ndingati mutsukuluze supagetiyo mwachangu ndi madzi otentha mukatsanula. Koma si lamulo, ma noodles amene amaika m'chakudya cha ku Shanghai chimenechi ndi opyapyala a fulawa wamba, nde olo osathira soda simunalakwitse.

Njira ina imene ine ndimaikonda, komanso yotchipa kuposa supageti, ndi kupanga nokha. Fulawa wa mandasi yemweyu, osati wosakaniza kale ndi zofufumitsa, magalamu 300, ndi makapu awiri ndi theka choncho, mchere theka la tiyisipuni, madzi mamililita 140, kungopitirira pang'ono theka la kapu. Poyamba zimaoneka ngati madzi achepa, musaonjezere, kandani mwamphamvu maminitsi 10, chikhale cholimba kuposa cha mandasi. Vindikirani chikhale maminitsi 30, mukabwerera mupeza chafewa chokha chifukwa fulawa wamwa madzi. Kandaninso pang'ono, gawani pawiri, yalani patebulo loyera ndi botolo lagalasi mpaka chipyapyale kwambiri, wazani fulawa wouma mbali zonse, pindani katatu kapena kanayi n'kudula ndi mpeni wakuthwa timizere ting'onoting'ono. Mukatambasula ndi ma noodles amenewo. Amapsa pa maminitsi 2 kapena 3 okha m'madzi obwata, nde simuononga makala ambiri, ndipo amamwa sosi bwino kuposa supageti. Loweruka mwana wanuyo mumuphunzitse, ana a Fomu 2 zoterezi amazigwira msanga.

NaChitakale

Zikomo kwambiri nonse, Mulungu akudalitseni. Soy sauce wafika, asisi anapeza light yekha. Anyezi ndinagula kwa mayi wina amene amapatulira m'dimba mwake, mizu ndabzala kale m'thumba ngati mmene ananenera abambo a ku Goliati. Ndinapanga theka la miyezo ija usiku pa moto wotsala ndipo fungo linafika mpaka kwa aneba, anabwera kudzafunsa kuti mukuphika chani. Ndinagwiritsa supageti wopanda soda kaye. Kukoma kwake kwayandikira kwambiri kuja ndinadya ku Blantyre, mtundu wokha ndi umene unali wotuwa, ndipo mwana anamaliza mbale yake n'kufunsa ngati zatsala.

Ndatsala ndi mafunso awiri. Supageti nditatakasa, sosi wambiri amatsikira pansi pa mbale osagwira bwino, kodi pali chochita? Kenako bambo a kunyumba akuti chakudya chopanda kanyama kapena kansomba kwa iwo sichikwana, nde ndimaganiza za bonya kapena usipa, zingagwirizane kapena ndiononga?

MayiWaGeni_Luchenza

Mwachita bwino achemwali. Za sosi kutsikira pansi, supageti ndi woterera kuposa ma noodles nde mafuta sagwira msanga. Musanatsanule madzi owiritsira tapaniko masipuni 2 kapena 3 musunge, ndi oyera chifukwa muli sitalichi wochoka mu supagetiyo. Supageti mumuphule kutatsala pang'ono kuti apse, mumubwezere mu poto momwemo, thirani sosi ndi madzi aja n'kutakasa pamoto kwa miniti imodzi, muona sosi akukhuthala n'kumatirira. Kutakasira mu poto kumaposa kutakasira m'mbale. Ndipo adyedwe nthawi yomweyo, akazizira amagwirana. Ngati tsiku limenelo mwathira soda m'madzi musagwiritse madzi amenewo, tengani madzi otentha wamba sipuni imodzi.

Za mtundu, poti dark mulibe, tengani sipuni imodzi ya shuga muisungunule payokha m'kapoto pa moto wochepa mpaka ifiire, musafike poda, kenako thirani soy sauce mmenemo pang'onopang'ono musanaphatikize ndi mafuta. Bulauni uja abwera.

Za bonya simuononga, ndipotu mwaganiza mofanana ndi eni ake. Ku Shanghai ambiri amaikamo tinkhanu ta m'nyanja touma tija a Chingerezi amati shrimp, amatinyika kaye kuti tifewe kenako n'kutikazinga m'mafuta a anyezi omwewo, ndipo ndi mtundu wodziwika kwambiri wa chakudya chimenechi. Kuno shrimp wouma ndi wosowa komanso wodula, bonya ndi amene ali pafupi. Musankhe woyera wosanunkha chivundi, mumutsuke ndi madzi ofunda kuchotsa mchenga, ngati ndi usipa wokulirapo muchotse mitu ndi za m'mimba chifukwa ndi zomwe zimawawa, kenako aume bwinobwino. Dzanja limodzi lakwana anthu atatu, akachuluka fungo la nsomba limaphimba anyezi. Musamukazinge limodzi ndi anyezi kuyambira poyamba, amapsa msanga. Mukavuula anyezi tapaniko masipuni 2 a mafuta aja muike mu felempani ina, mukazingiremo bonya mpaka aume, n'kumuwaza pamwamba pa mbale ya bambowo pamodzi ndi anyezi. Mukatero mafuta otsalawo sagwira fungo la nsomba nde mwana amene safuna nsomba adya zake bwinobwino, komanso sosi wa mawa sakhala ndi nsomba mkati, zimene anamwino aja angakondwere nazo. Ngati nsombayo ndi yothira mchere chepetsani sosi m'mbale imeneyo.

MlimiWaKuGoliati

Mayi anyezi mwabzalayo thumba lake likhale poti dzuwa la m'mawa lizifika, ndipo mubowole pansi mabowo angapo, ndi mvula ya kwanuko madzi akadikha mizu imaola. Podula muzisiya masamba awiri a pakati, muzidula a m'mbali okha. Nkhuku zimakonda kufukula dothi la m'thumba nde muliike pamwamba pa njerwa kapena mutchinge ndi minga.